Njinga Zopanda Mabuleki: Chaka Chimene Belle Vue Inatenga Chikho

Kwa ife okhala kuno ku Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, njinga yamoto ndi chida chogwirira ntchito. Imanyamula matumba a makala ndi mabokosi a matimati, imathamangitsira wodwala ku chipatala pakati pa usiku, ndipo imatenga mlendo amene watsika basi n'kukamtula kumudzi kumene galimoto silingafike m'nyengo ya dzinja. Mwini wake akangomva kuti mabuleki ayamba kufooka, sagona tulo mpaka atawakonza. Choncho ambiri mwa owerenga athu adabwa kumva kuti kunja kuno kuli masewera ena amene lamulo lake lalikulu ndi lakuti njinga isakhale ndi mabuleki konse, ndiponso kuti masewerawa akhala akuchitika kwa zaka zoposa 100.

Dzina lake ndi speedway. Mwezi uno tifuna kuyang'ana m'mbuyo ndi kuona chaka chimodzi cha kalabu imodzi, Belle Vue Aces ya mumzinda wa Manchester ku England, imene inatenga chikho cha ligi mu 2022 itadikira zaka 29. M'nkhaniyi muli anyamata olimba mtima ndithu, koma mbali yake yaikulu ndi ya malo: bwalo limene kalabuyi inataya, ndi lina limene inadzapeza patapita nthawi yaitali.

Mmene amasewerera

Bwalo la speedway ndi lozungulira ngati dzira, ndipo ulendo umodzi wolizungulira umakhala wa mamita apakati pa 260 ndi 425. Pansi pake sipakhala phula. Amathirapo dothi losakaniza ndi timiyala tophwanya, ndipo amaliwaza madzi ndi kulisalaza ndi thirakitala masewera ali m'kati. Okwera anayi amaima pamzere kuseri kwa zingwe zopingasa bwalo. Zingwezo zikangokwera m'mwamba, onse anayi amanyamuka nthawi imodzi, nazungulira kanayi molowera kumanzere. Pakatha mphindi imodzi yokha, mpikisano watha. Woyamba amalandira mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, ndipo wotsiriza amabwerera chimanjamanja.

Njinga yake ndi yowonda ndi yopepuka, ngakhale kuti malamulo salola kuti ichepere makilogalamu 77. Ili ndi injini ya 500cc ndi giya imodzi yokha. Simwa petulo, koma methanol, mafuta a mtundu wa kachasu amene munthu atati alawe akhoza kuchita khungu kapena kufa kumene. Pamalo owongoka imathamanga kupitirira makilomita 100 pa ola. Nanga pokhota zimatha bwanji, popeza mabuleki palibe? Apa ndi pamene pagona luso lonse. Wokwera amapendeketsa njinga n'kulola gudumu la kumbuyo kuti literereke cham'mbali, uku phazi lake lamanzere, lovala nsapato ya chitsulo, likukwekwereza pansi. Kutererekako ndi kumene kumachepetsa liwiro ndi kukhotetsa njingayo. Anyamata athu onyamula anthu amakudziwa bwino kumeneku, pakuti gudumu la kumbuyo likathawa pamchenga wa msewu wa fumbi, mtima umalumpha ndipo wokwezedwayo amakuwa. Chimene iwo amachiopa chotero, wa speedway amachichita dala kasanu ndi katatu pa mpikisano uliwonse, anzake atatu ali pafupi naye moti akhoza kuwagunda ndi chigongono.

M'ligi ya ku England matimu awiri amakumana, iliyonse ili ndi okwera asanu ndi awiri, ndipo usiku umodzi pamachitika mipikisano 15. Pa mpikisano uliwonse timu imatulutsa anthu awiri. Eni bwalo amavala zisoti zofiira ndi zabuluu, alendo zoyera ndi zachikasu, kuti woonerera asasokonezeke fumbi likabuka. Chosangalatsa kwambiri kwa odziwa masewerawa ndi pamene awiri a timu imodzi ali patsogolo: wamphamvuyo amacheuka, nachepetsa moto pang'ono, n'kutseka njira kuti mnzake wofookerapo asapitiriridwe ndi alendo. Akatero timu imapata mapointi 5, inzake 1. Okwera ambiri amalipidwa monga mwa mapointi amene apeza, kotero kuti kudikira mnzako chotere si nkhani yaing'ono kwa munthu wofuna kudyetsa banja.

Kumene Belle Vue inachokera

Olemba mbiri ambiri amati masewerawa anayambira ku West Maitland, m'dziko la Australia, mu Disembala 1923, pa bwalo la chionetsero cha zaulimi, ndipo dzina limene amatchula ndi la Johnnie Hoskins. Ku England anafika pa 19 Febuluwale 1928, pamalo otchedwa High Beech, ndipo chaka chomwecho ku Belle Vue kunayamba kulira njinga. Mu 1929 kalabuyi inalowa m'bwalo lake la Hyde Road, limene linakhala kwawo kwa zaka pafupifupi 60. Ngakhale m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene mabwalo ena ambiri anatsekedwa, ku Hyde Road mipikisano sinaleke.

Akatswiri amene anadutsa pamenepa ndi ambiri, ndipo titchulapo atatu okha. Peter Craven, munthu wamfupi ndi wochepa thupi, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1955 ndi mu 1962, koma anamwalira mu Seputembala 1963 atagwa pa mpikisano ku Edinburgh, ali ndi zaka 29. Ivan Mauger wa ku New Zealand, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi, anathandiza kalabuyi kutenga chikho cha ligi zaka zitatu zotsatizana, 1970, 1971 ndi 1972. Peter Collins, mwana wa ku Manchester komweko, anapambana dziko lonse mu 1976 ku Poland.

Tsoka linadzera kutali. Mu Meyi 1985 moto unabuka pa bwalo la mpira ku Bradford n'kupha anthu 56, ndipo kuchokera pamenepo mabwalo onse okhala ndi mipando ndi madenga a matabwa anayamba kuyang'aniridwa ndi diso lakuthwa. Hyde Road linali la matabwa. Mu 1987 mwini wake analigulitsa, linagwetsedwa, ndipo pamalopo panadzakhala msika wogulitsira magalimoto. Kuyambira 1988 Belle Vue inakakhala pa lendi m'bwalo la mipikisano ya agalu ku Kirkmanshulme Lane, kumene inayambira kalekale mu 1928. Bwalo linali laling'ono, ndipo eni ake anali ndi zolinga zawo. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Zoona, kalabuyi inatenga chikho mu 1993, pa usiku wotsiriza wa ligi ku Wolverhampton, koma pambuyo pake kunagwa chilala chimene ana obadwa chaka chimenecho anakula nacho mpaka kukwatira.

Bwalo latsopano, lotchedwa National Speedway Stadium, linamangidwa ku Gorton ndi thandizo la khonsolo ya mzinda wa Manchester, ndipo linatsegulidwa mu Malichi 2016. Tsiku loyamba linali lamanyazi. Anthu anadzaza, koma mpikisano wokumbukira Peter Craven unalephereka chifukwa dothi la pamalo ena okhota silinali bwino, ndipo khamu lonse linabwerera kunyumba osaona kanthu. Chaka chimenecho chinatha ndi mavuto a ndalama, moti kalabu inalowa m'manja mwa eni atsopano. Komabe bwalolo litakonzedwa linadziwika kuti ndi limodzi mwa mabwalo abwino koposa, lotakata bwino kotero kuti wotsalira m'mbuyo akhoza kupitirira mnzake cha m'kati kapena cha kunja.

Chaka cha 2022

Ligi yaikulu ya ku England inali ndi makalabu asanu ndi imodzi okha mu 2022: Belle Vue, Ipswich, King's Lynn, Peterborough, Sheffield ndi Wolverhampton. Kumbukirani kuti mu 1965 ligi yaikulu inali ndi makalabu 18, ndipo muona mmene masewerawa anafotera.

Woyang'anira timu anali Mark Lemon wa ku Australia, amene nayenso anali wokwera kale. M'gulu lake munali Brady Kurtz ndi Max Fricke a ku Australia, Matej Žagar wa ku Slovenia, Charles Wright ndi Tom Brennan a ku England, ndi Norick Blödorn, mnyamata wa zaka 18 wa ku Germany. Owerenga angafunse kuti timu ya ku Manchester ikhala bwanji ndi alendo ochuluka chotere. Wokwera wa speedway ali ngati waganyu woyendayenda. Lamulungu amathamangira kalabu ya ku Poland, Lolemba ali ku England, Lachiwiri ku Sweden, Lachitatu mwina ku Denmark, Lachinayi wabwereranso ku England, ndipo njinga zake zimayenda usiku wonse m'magalimoto ndi amakaniko ake. Ngozi ya m'dziko lina imagwetsa matimu atatu kapena anayi nthawi imodzi.

Ndi zimene zinaonekera Belle Vue. Ligi ikatha, makalabu anayi apamwamba amalimbana okhaokha, kwawo ndi koyenda, ndipo awiri otsala ndiwo amalimbirana chikho. Nthawi imeneyi itayandikira, Max Fricke, mmodzi mwa odalirika a timu, anavulala. Ochemerera anagwa mphwayi, pakuti anali ataona kale timu yawo ikufika pa ndime yotsiriza n'kugonja mu 2005, mu 2015, mu 2016 ndi mu 2021. Koma akuluakulu a kalabu anathamangira kwa Robert Lambert, mnyamata wa ku England amene chaka chimenecho ankathamangira kalabu ya Toruń ku Poland, ndipo anali mmodzi mwa okwera abwino koposa pa dziko lonse. Malamulo analola, ndipo Lambert anavala malaya a Belle Vue.

Nkhani imeneyi inautsa mkangano. Ochemerera a makalabu ena anadandaula kuti munthu amene sanalime nawo wabwera pa nthawi yokolola. Ife tikuona kuti dandaulo lawo linali ndi mutu, ngakhale kuti mlandu wake ndi wa olemba malamulo, osati wa kalabu imene inangowagwiritsa ntchito monga aliyense akanachitira. Tisaiwalenso kuti munthu mmodzi sangakwere mipikisano yonse 15. Mapointi amene achinyamata monga Brennan ndi Blödorn ankatola, limodzi apa, awiri apo, anawerengedwa pamodzi ndi a Lambert.

Belle Vue inagonjetsa Ipswich, ndipo pa ndime yotsiriza inakumana ndi Sheffield mu Okutobala. Usiku woyamba unali ku Manchester, ndipo eni bwalo anapambana. Usiku wachiwiri unali ku Owlerton, kwawo kwa Sheffield, kumene ntchito ya Belle Vue inali yosunga zimene inakolola kunyumba. Atawerenga mapointi a mausiku onse awiri, Belle Vue inali pamwamba. Kalabu imene inatenga chikho cha 1993 pa bwalo la eni inatenganso cha 2022 pa bwalo la eni. Mu 2023 Sheffield inadzitonthoza potenga chikhocho, ndipo mu 2024 Belle Vue inachitenganso itagonjetsa Leicester, nthawi ino osadikira zaka 29.

Ku Poland ndi kwina

Amene afuna kuona speedway pa ulemerero wake lero ayenera kupita ku Poland, kumene amaitcha żużel. Ligi ya kumeneko ndi yolemera koposa zonse, ndipo m'mizinda monga Gorzów, Leszno, Toruń, Wrocław ndi Lublin anthu zikwizikwi amasonkhana pa mpikisano wamba wa ligi. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chakuti mabwalo ambiri kumeneko ndi a makhonsolo a mizinda, moti munthu mmodzi sangadzuke m'mawa n'kugulitsa. Mu 1973 Jerzy Szczakiel anadabwitsa anthu pogonjetsa Ivan Mauger ku Chorzów, nakhala munthu woyamba wa ku Poland kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Tomasz Gollob anatsatira mu 2010. Ndipo Bartosz Zmarzlik anautenga mu 2019, 2020, 2022, 2023, 2024 ndi 2025, kufanana ndi Mauger ndi Tony Rickardsson wa ku Sweden, amene aliyense anautenga kasanu ndi kamodzi. Amene anamsautsa Zmarzlik mpaka usiku wotsiriza mu 2025, n'kutsalira ndi pointi imodzi yokha, anali Brady Kurtz yemwe uja wa ku Belle Vue.

Sitingabise kuti masewerawa amapha ndi kupundula. Lee Richardson wa ku England anamwalira mu Meyi 2012 atagwa ku Wrocław. Darcy Ward wa ku Australia, amene ambiri ankamuyembekezera kudzakhala katswiri wa dziko lonse, anavulala msana ku Zielona Góra mu Ogasiti 2015 ali ndi zaka 23, ndipo sanayendenso. Chifukwa cha ngozi zotere, mipanda ya pamalo okhota tsopano imakutidwa ndi matumba aakulu opopedwa mpweya. Mpikisano suyamba ngati ambulansi ndi a zachipatala palibe, ndipo munthu akagwa moopsa woimbira amayatsa nyali zofiira, onse n'kuima. Wokwera aliyense amavala chisoti, zotchinjiriza msana ndi zovala zolimba. Ndipo onse anayi amalowera kumodzi: palibe lole yochokera kutsogolo, palibe mbuzi yodumpha msewu, palibe mwana wa sukulu woyenda m'mbali.

Kufupi ndi kwathu

Speedway inafikako m'dera lathu lino. M'zaka za m'ma 1970 kunali mipikisano ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku Gwelo, mizinda iwiri yotsirizayi ndiyo Harare ndi Gweru lero, kumene makolo athu ambiri ankagwira ntchito pa nthawi imene anthu ankati apita ku Walale. Anali masewera a azungu makamaka, monga zinthu zambiri za m'dzikolo pa nthawiyo. Mmodzi mwa okwera a kumeneko, Mike Ferreira, anapita ku England nakathamangira kalabu ya Canterbury, ndipo mu 1981 anapambana mpikisano wa okwera abwino koposa a m'ligi yachiwiri. Okwera abwino atapita kunja, ndipo mabanja ambiri oonerera atasamuka m'dzikolo, masewerawa anazilala.

Kuno ku Zambia mbiri yathu ya masewera a injini ndi ya magalimoto. Achikulire akumbukira dzina la Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa Africa pa mipikisano ya magalimoto a m'misewu ya fumbi kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. Ya njinga zamoto iliponso, ya mtundu wodumpha zitunda wotchedwa motocross, koma imafuna ndalama zimene banja wamba silingakwanitse.

Chikhalirecho, mtima wofuna kupikisana ulipo pakati pa anyamata athu, ndipo aliyense amene amakhala pafupi ndi msewu amaudziwa. Madzulo, ntchito yonyamula anthu ikachepa, awiri amayang'anana n'kukoka moto kuti aone njinga ya yani ili ndi mphamvu. Bwalo lawo ndi phula lomwelo limene mabasi a ku Chipata ndi malole a ku Malawi amadutsamo usana ndi usiku, ndipo chisoti, chimene lamulo la pamsewu limafuna, nthawi zambiri chimakhala chomangirira kumbuyo. Kuwadzudzula n'kosavuta, ndipo makolo amatero tsiku ndi tsiku. Sitikunena kuti ku Chinyunyu kumangidwe bwalo la speedway. Njinga zake zokha ndi zodula kuposa nyumba zambiri za kuno. Chimene tikuona ndi chakuti mudzi uliwonse umafuna malo oyera amene si a munthu mmodzi, pamene achinyamata angathamange, kumenya mpira, kapenanso kuphunzira kuyendetsa njinga pa fumbi pamaso pa akuluakulu. Malo a m'mbali mwa msewu waukulu akufunidwa kwambiri masiku ano ndi anthu ochokera m'tauni, ndipo bwalo la mpira limene lilibe pepala lililonse kwa amfumu kapena ku khonsolo ndi losavuta kulidula mapuloti.

Tikunena za malo chifukwa cha zimene zinagwera makalabu amene ankagonjetsa Belle Vue m'zaka zake za chilala. Peterborough, imene inaigonjetsa mu 2021, inathamanga komaliza mu 2023, eni malo a chionetsero cha zaulimi kumene inkakhala atafuna kumangapo nyumba. Wolverhampton, imene inaigonjetsa mu 2016, inauzidwa ndi eni bwalo la Monmore Green kuti pangano la lendi silidzapitirira, ndipo nayonso inatseka kumapeto kwa 2023, pamalo pamene njinga zinayamba kulira mu 1928. Swindon inatenga chikho mu 2019 ndipo sinathamangenso. Onsewa anali ndi okwera abwino ndi ochemerera okhulupirika. Analibe ulamuliro pa dothi limene ankathamangapo.

Coventry, imene inagonjetsa Belle Vue mu 2005, inali imodzi mwa makalabu otchuka koposa m'dzikolo. Bwalo lake la Brandon linagulidwa ndi kampani yofuna kumangapo nyumba zogulitsa, ndipo linatsekedwa itatha nyengo ya 2016. Ochemerera sanagonje. Anapanga gulu, anasonkha ndalama, analemba makalata ndi kupita kukayankhula pa misonkhano ya khonsolo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Khonsolo inakana mapulani a nyumbazo, kampani inachita apilo, ndipo mu Januwale 2024 woweruza wa boma pa nkhani za malo anakananso. Pa nthawiyo udzu ndi zitsamba zinali zitamera pa bwalo, mbali ina ya nyumba zake inali itapsa ndi moto, ndipo malowo anali adakali m'manja mwa kampani yomweyo.